Chiliza Chochokera Poothera Moto

Ntchito yanga yoyamba ku London inali yosambitsa miyala. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi mmene zinalilidi. Kuseri kwa njanji ku Tottenham kunali chinyumba chachitali cha njerwa zakuda, ndipo m'menemo mayi wina wachizungu ankagulitsiramo katundu wakale wochotsedwa m'nyumba za anthu olemera. Ndinkapitako masiku atatu pa sabata, masiku enawo ndili kusukulu.

Katundu wamkulu anali mafelemu a poothera moto. M'nyumba zakale za kumeneko chipinda chimakhala ndi bowo pakhoma losonkhapo moto, utsi n'kumatulukira kudenga. Bowolo amalizunguliza ndi mwala wosema wa mabo, miyendo iwiri m'mbali ndi chimwala chopingasa pamwamba, chomwe amaikapo wotchi ndi zithunzi. Ena akafuna nyumba yamakono ankagumula mafelemuwo, ena akafuna nyumba yooneka yakale ankabwera kudzawagula. Mafelemuwo ankafika kwa ife ali zidutswazidutswa, atakulungidwa m'mabulangete akutha, ali bii ndi mwaye wa makolo a eni ake. Tikawatsuka n'kuwalumikiza, tinkawaimika m'mizere motsamira khoma.

Tsiku loyamba ndinangoima pakhomo osalowa. Kwathu mwala woyera, wosalala, wosemedwa maluwa, uli ndi malo amodzi okha, ndipo malowo ndi kumanda. Zimene ndinaona ine ndi mizere ya ziliza zodikira eni ake. Mwini malo uja anandifunsa ngati ndikumva kuzizira. Ndinati inde, nanga ndikanati chiyani.

M'chipinda cham'mwamba munali mipando, matebulo ndi mawadiropu, ndipo kumeneko kunali dziko lina. Kunkanunkhira phula la njuchi ndi fumbi lokalamba. Kuwala kunkalowera pa magalasi a kudenga kuli kotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Kunali mipando ya miyendo ya mkango, zikhadabo zitafumbata kampira. Kunali kabati ya mtengo wofiira ngati mbawa, pa zitseko zake atasemapo mbalame zikujompha mphesa, ina itatembenuza khosi ngati yamva munthu akubwera. Kunalinso bedi la mizati inayi yopotana, lalitali mwakuti wofuna kugonapo akanayamba wabwereka makwerero. Kukhala pa mipandoyo kunali koletsedwa. Ine nthawi ya nkhomaliro ndinkakwera ndi buledi wanga n'kukhala pa mpando wa mkango womwewo, ndipo palibe mkango umene unandiluma.

Ndikakhala pamenepo ndinkawaitana amayi. Anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, koma m'chipinda chimenecho ankabwera msanga. Ndinkawaona akuyenda pakati pa mipando atavala juzi yawo yobiriwira, akupititsa chala kunsi kwa tebulo kuti aone ngati kuli fumbi. Ndikawalozera mpando kuti akhale, ankakana, n'kukhala pansi miyendo atatambalala. Ankayang'ana katundu yenseyo n'kufunsa kuti, “Nanga eni ake ali kuti? Angomusiya chonchi?” Ndinkawayankha ndi mtima wokha, buledi ali m'kamwa, mpaka pansi paja nyundo iyambirenso kulira.

Amayi anadwala miyezi inayi. Amene anawasamala, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi kuwasambitsa anali mng'ono wanga. Ine ndinkangoimba foni ndi makhadi ogula pa golosale ya pakona, n'kumanena kuti ndibwera ndikangolemba mayeso. Tsiku limene anatisiya, pasipoti yanga inali kokawonjezera masiku, ndipo kwathu maliro sadikira wakutali. Sindinawaone nkhope, sindinaike nkhata, sindinaponye dothi. Nyimbo za maliro ndinazimvera pa foni, nditaima pokwerera basi, mpaka khadi inatha. Zimenezi zinkandipweteka tsiku lililonse, ndipo sindinkauza munthu.

Chilimwe cha kumeneko chikutha, mng'ono wanga uja anandiimbira.

“Achemwali, chikwangwani chija aba.”

“Chiti?”

“Cha pamanda a amayi. Anyamata ogulitsa zitsulo azula mzere wonse. Mtumbira nawo watitimira. Panopa ndikumadziwira chitsa cha mthethe chija, kuchoka pachitsa n'kuyenda mapazi asanu. Koma manda a m'tauni mukuwadziwa, tsiku ndi tsiku akuika anthu.”

Anandiuzanso kuti anali woyembekezera, ndipo apongozi ake anali atamuuza kale kuti mimba ikakula asadzapondenso kumanda mpaka atachira. Mwamuna wake tsiku la maliro anali kuntchito kutali, malowo sankawadziwa. Choncho munthu yekhayo padziko lonse amene ankadziwa pogona amayi anali atatsala pang'ono kusiya kupitako, mvula ili pafupi.

“Tiyeni tingomanga chiliza cha simenti,” anatero. “Kutchalitchi kuli mmisiri, sabata imodzi atha.”

Ine ndinati, “Dikira.”

Ndinatero chifukwa sabata yomweyo kunali kutabwera felemu lochokera m'nyumba ina ya ku Romford. Ogumula analigwetsa, miyendo yonse iwiri inathyoka, koma chimwala chapamwamba chinatsala chathunthu, chitangobenthuka kumapeto. Chinali choyera, cha mitsempha yotuwa, m'mphepete mwake atasemamo timasamba tating'ono totsatizana. Ndinachiona chitagona pa matabwa, ndipo mtima wanga unangoti ichi n'cha amayi. Nditachipempha kwa mwini malo, anakweza mapewa n'kunena kuti nditenge, poti chikanangodulidwa kukhala zigamba za mafelemu ena.

Wolumikiza ndi kukonza miyala pamalopo anali madala ena obadwira mu London momwemo, amfupi, a manja oyera ndi fumbi mpaka m'zigongono. Sankayankhula kwambiri. Chizungu chawo chinkatulukira m'mphuno, ndipo miyezi yoyamba ndinkangovomera zilizonse. Atandifunsa chimene ndinkafunira mwalawo, ndinawauza zonse. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

“Mwala uwu sunagonepo panja,” anatero. “Moyo wake wonse wakhala m'nyumba, pafupi ndi moto. Dzuwa la kwanu ndi mvula zidzaudya, udzayamba kunyenyeka ngati shuga.”

“Patapita zaka zingati?”

“Iwe ndi ine sitidzaona.”

“Ndiye basi, madala.”

Anandiuza kuti tikaugoneke chogona pa simenti, osauimika, chifukwa ndi wopyapyala. Kenako, akuyang'ana kwina, anati zilembo adzasema okha, poti ntchito imene anayamba nayo ali mnyamata inali yomweyo ya kumanda.

Koma mwalawo unali ndi banga. Pakati pake, pamene utsi unkakwerera, panali chikasu chakuda cholowa mkati, ndipo chapambali panali kamkombero pamene pankakhala wotchi. Ine kutumizira amayi chinthu chakuda? Amayi amene ankatibweza kumpopi kawiri chifukwa cha mbale imodzi? Loweruka lina ndinapita ndekha, nditagula mandimu pamsika ndi waya wokwechera mapoto. Ndinafinyira ndimu pabangapo, madziwo anachita thovu, ndipo ndinakondwa kuti litsiro likutuluka. Ndinakwecha ndi mphamvu zonse, ndikuimba. Nditatsukuluza n'kupukuta, banga linali pomwepo, koma kusalala konse kunali kutapita. Pamalo aakulu ngati mbale panali mbuu, pokhakhala ngati chidendene.

Lolemba madala aja anakuwa, koyamba chiwadziwireni.

“Wauchita chiyani mwalawu?”

Ine ndine wapafupi kupsa mtima, makamaka ndikalakwa. Ndinawayankha kuti amayi anga ankakwecha mapoto chimodzimodzi, ndipo aneba ankadziyang'anirapo nkhope.

“Uwu si mphika,” anatero. “Ndimu amadya mabo. Wauotcha.”

Masiku awiri sanandiyankhule. Anangowerama pamwalapo, akupukuta ndi timiyala tonolera, kuyambira tokhakhala mpaka tosalala, madzi akudontha m'zigongono. Ine ndinkawabweretsera tiyi, iwo n'kumamwa osandiyang'ana. Tsiku lachitatu kusalala kunabwerera, ndipo anandiitana ndi chala kuti ndidzaone mmene banga amalichotsera anthu anzeru.

Anatenga ufa wa dongo loyera n'kuukanda ndi madzi mpaka unalimba ngati phala la mwana. Anaumata pabangapo mochindikala, anavundikira ndi pulasitiki, n'kunena kuti tisakhudze masiku atatu. Titavundukula, dongolo linauma n'kung'aluka, ndipo titalitukula kunsi kwake kunali chikasu. Linali litayamwa utsi kuchokera mkati mwa mwala. Banga linali litachepa pang'ono chabe, moti wosalidziwa sakanaona kusiyana.

“Ubwerezenso,” anatero. “Mwala suthamanga.”

Ntchito imeneyo ndinaikonda kuposa ina iliyonse imene ndagwirapo. Kumata dongolo kunali ngati kuzira pakhonde, dzanja limadziwa lokha. Ndinkafika m'mamawa chifunga chisanachoke panjanji, n'kuvundukula, kutukula makoko ouma aja, n'kutsuka ndi madzi ofunda. Madala ankati mwala sumva kuzizira, ine n'kumatenthetsabe madziwo m'ketulo. Ndinkayambira kumapeto kumodzi, pang'onopang'ono, kulowa m'timasamba timodzitimodzi ndi kansalu kofewa, kenako n'kupukuta mpaka pouma. Ndinkayankhula nawo mwalawo. Ndinkauuza za mayeso, za basi imene inandisiya, za nsapato zimene zinkalowa madzi. Lero ndinganene mosabisa kuti sindinkatsuka mwala ayi. Ndinkasambitsa amayi, ndipo sindinkafuna kuti kusambitsako kuthe.

Kutchalitchi chathu ku Tottenham kunali mayi wina wachikulire, mmodzi wa mabanja amene anathawa kwathu kalekale pa nkhani za ndale. Iye ndi amene ankasonkhanitsa katundu wa anthu n'kumutumiza kumudzi pa kontena ya pa sitima ya pamadzi. Lamulungu lina anandigwira mkono potuluka.

“Mwana wanga, kontena ikutseka Friday. Mwala wakowo ubweretse by Thursday, anyamata aupange wrap bwinobwino. Ukaiphonya iyi, next one ndi February, and sindikulonjeza.”

Lolemba ndinakavundukula. Banga linali litatsala lochepa kwambiri, ngati tiyi wotayikira pa nsalu ya patebulo imene yachapidwa kale kawiri. Madala anati palibe angalione, ndipo zilembo angathe kusema masiku atatu ngati atasiya zina zonse. Ine ndinaliyang'ana kuchokera uku, ndinaliyang'ana kuchokera uko, ndipo ndinkaliona. Ndinakanda dongo lina n'kumata.

Mng'ono wanga nditamuuza, anayamba ndi nthabwala monga mwa khalidwe lake.

“Zengerezu adalinda kwawukwawu, achemwali.”

“Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

“Nkhono zake ziti? Kuno kumwamba kwayamba kale kuda. Ndiloleni ndingouza mmisiri uja athire ka simenti, mwala wanuwo udzapeza malo okonzeka.”

Akananena wina ndikanamva. Koma ine m'mutu mwanga ndinaona simenti ya munthu wachilendo itafika kwa amayi ine ndisanafike, ndipo nsanje inandigwira.

“Iwe unawasamala, unawaona nkhope, zonse unachita ndiwe. Ndisiyireko chimodzi chokhachi. Usaikepo kanthu.”

Ndinkamva nkhuku za aneba ake pa foni. Kenako anati, “Chabwino.” Ulendo wake womaliza anakaika njerwa zinayi m'makona a mtumbira, n'kundiuza ngati akupepesa.

Nyengo yozizira ija ndimaikumbukira ngati tulo tamasana. Banga linatha ndithu, mwala unayera mbee. Madala anandipatsa pepala kuti ndilembepo dzina la amayi, ndipo nditalemba analiwerenga mokweza, lokhalokha, ngati akuitana kamtsikana kuti kabwere kadzatenge mbale. Dzina limenelo ine ndinali ndisanalitchulepo chibadwire, ngakhale abambo sankawaitana nalo. Ndinatsala pang'ono kuwadzudzula, koma ndinawaona akuyeza kale mipata ya zilembo ndi pensulo, lilime lili pakona pa mlomo, ndipo ndinameza mawu.

Ankasema nthawi ya nkhomaliro. Ine ndinasiya kukwera kumwamba kuja, ndinkakhala pa bokosi pafupi nawo manja ndili m'thumba la jekete, mpweya ukutuluka ngati utsi. Kanyundo kankalira pang'onopang'ono, ti, ti, ti, fumbi loyera n'kumadzaza m'chilembo, iwo n'kuliuzira. Panja kunkada msanga, magetsi achikasu n'kumaunikira mizere ya mafelemu ija, ndipo ndinali nditasiya kuwaopa. Ndinkaona moto ukuyaka m'lililonse, anthu a zovala zazitali akuwotha, amayi ali pakati pawo akuwauza kuti nkhuni zanyowa. Mvula imene inkagwa kwathu nthawi yomweyo sindinkaiganiza n'komwe.

Mwalawo unanyamuka mu February, utakulungidwa m'mabulangete atatu, uli m'bokosi limene madala anakhoma okha. Unafika kwathu mvula itatha, udzu utayamba kuuma. Mng'ono wanga anali atabereka mwana wamkazi, ndipo apongozi ake anali atamulola kuyendanso.

Anandiimbira masana, ndili kuntchito, m'manja muli siponji. Ndinamva mphepo pa foni ndi fosholo ikukanda pansi, ndipo ndinadziwa kumene anali.

“Achemwali, chitsa palibe.”

“Palibe bwanji?”

“Anachizula. Pamene chinali apa pali manda atsopano, mzere wonse. Njerwa zija palibenso.”

“Ndiye yang'ana bwino!”

“Ndayang'ana kuyambira m'mawa. Pali mitumbira itatu yogundizana, yonse yotitimira mofanana, yonse yopanda chikwangwani. Ndi umodzi mwa itatuyi, izo ndikulumbira. Koma uti, sindikudziwa.”

Ndinakalipa. Ndinamufunsa kuti munthu angaiwale bwanji pogona mayi ake. Ndinanena zambiri zimene sindingazilembe pano, madala ataima chapatali osamva liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa. Iye anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anayankha motsitsa, mopanda mkwiyo.

“Ndinakuuzanitu.”

Ndinakhala pansi pa simenti yozizira, madzi a m'siponji akundiyenderera m'mkono.

“Mmisiri wakanda kale simenti,” anatero. “Ikuuma. Tiike pati?”

“Mtima wako ukuti pati?”

“Wapakati.”

“Nanga ngati si pamenepo?”

Ndinamva akukoka mamina, kenako, mosayembekezera, anaseka. Kunali kuseka kwa munthu amene walira mpaka watopa.

“Amayi aja mwawaiwala eti? Beseni, simbi, lichero, ngakhale nsalu yawo ya kumvano, chinkagona m'nyumba mwathu n'chiyani? Zonse zinkakhala kwa aneba. Ngati taphonya, ndiye kuti abwereketsa. Ali pompano, akuchiona.”

Ndinangogwedeza mutu ngati akundiona, ndipo ndinamva akuuza mmisiri uja kuti, “Apa, bambo.”

Ndinapita kwathu patatha zaka zina ziwiri. Mng'ono wanga anandiperekeza, mwana atamusiya kwa apongozi. Mwalawo ndinauonera kutali, uli mbee pakati pa udzu wofiira, dzina la amayi likuwerengeka bwinobwino. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndikanene, koma nditagwada sindinadziwe koyang'ana, kutsogolo, kumanja kapena kumanzere. Pogona amayi anga sindipadziwa, ndipo sindidzapadziwa. Amene anachititsa si akuba zitsulo, si ozula chitsa, si mng'ono wanga. Ndine.

Ndinadzuka n'kumulanda mng'ono wanga khasu limene ananyamula. Ndinayamba ndi mtumbira wa kumanzere umene unali ndi udzu wambiri, ndinabwera pakati, n'kumalizira wa kumanja. Iye ankawola udzuwo ndi manja n'kukataya kumalire. Kufikira lero ndikapita kwathu ndimalambula yonse itatu.